Mateki a Anti Giresi Pakhomo Pathu

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinatha msinkhu, chifukwa ndi chaka chomwecho chimene ndinasiya mpira. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili m'kalasi lomaliza la pulayimale, ndipo sindinkadziwa kuti sukulu yanga ithera pomwepo.

Tinkakhala ku Bertrams, mumzinda wa Joni, ine ndi amayi anga, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina yakale imene eni ake anasamukamo n'kuisiyira anthu a lendi. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, atabwerako ku migodi ndi chifuwa chosatha. Amayi ndiye anabwera ku Joni kudzagwira ntchito m'makhitchini mwa azungu, ndipo atakhazikika anandiitanitsa kuchokera kwathu ku Ntcheu ndisanadziwe n'komwe kulemba dzina langa. Choncho ine ndinakulira pakatikati: Chichewa m'nyumba, Chizulu pamsewu, Chingerezi kusukulu. Za miyambo ya kwathu ndinkadziwa zapamwamba zokha, monga kugwada popereka madzi ndi kusayang'ana wamkulu m'maso. Zozama panalibe wondiuza, poti amayi ankachoka m'mamawa n'kubwera miyendo itatupa, akungofuna madzi otentha ndi pemphero.

Chipinda chathu chinali chimodzi chomwecho. Bedi linali pa njerwa kuti pansi pake palowe masutikesi, pakati panali katani wa maluwa ofiira, ndipo mbali inayi kunali kachitofu ka magetsi ndi matiresi anga amene masana tinkawaimika kukhoma. Ndimathokoza Mulungu, m'menemo sitinagonemo ndi njala.

Mpingo wathu wa Amalawi unkapemphera m'holo yobwereka, kufupi ndi kwathu. Kuseri kwa holoyo kunali bwalo la simenti, udzu utamera m'ming'alu. Pamenepo ndi pamene Anti Giresi anayambitsa timu ya netibo ya atsikana. Anali mayi wa ku Chiradzulu, wamtali, wa mawu aakulu, ndipo ankagwira ntchito yosita pa malo ena ochapira zovala m'tauni. Kumudzi anasewerako mpira wamanja mpaka kumakwera nawo mabasi kupita ku Blantyre. Analibe mwana. Akulu a mpingo anawabwereka bwalolo monyinyirika, maringi anawaotcherera bambo wina wa ku Chipata, mizere anajambula okha ndi penti wotsala. Nthawi zonse ankavala nsapato zamasewero, mateki oyera a mizere yobiriwira, moti atsikana tonse tinkawadziwa matekiwo ngati nkhope yawo.

Ine ndinali wamtali kuposa anyamata a m'kalasi mwathu. Kusukulu ankanditcha pholo la magetsi, ndiye ndinazolowera kuyenda nditapinda msana kuti ndifupikeko. Tsiku loyamba kufika pabwalopo, Anti anandigunda ndi nkhonya yofewa pakati pa mapewa.

"Wabisa chiyani kumsanaku, Elube? Wongoka! Mulungu anakupatsa utali, iwe ukufuna kumubwezera?"

Ndinalinso ndi chizolowezi chopepesa. Ndikalanda mpira pamwamba pa mnzanga wamfupi, ndimvekere pepa. Ndikamwetsa, pepa. Tsiku lina Anti anaimba wenzulo n'kuimitsa masewero.

"Amene ndimumvenso akupepesa m'bwalo muno azungulira holo mpaka lilime lituluke. Kunyumba uziweramitsa mutu, ndi ulemu umenewo. Koma kuno ringi ili kumwamba, mwana wanga. Ukayang'ana pansi umwetsa chiyani, nyerere?"

Atsikana anaseka mpaka ena kugwa pansi. Inenso ndinaseka, koma mawu amenewo analowa. Pasanapite nthawi ndinakhala shuta, womwetsa zigoli wa timu. Anti anandiphunzitsa kutera ndi phazi limodzi osalisuntha, kupuma ndisanaponye, ndi kusamva phokoso la anthu akunja. Anzanga akabalalika, iwo ankatsala nane, kundisendera lalanje, nthawi zina kundiluka tsitsi titakhala pa sitepe ya holo. Zimene sindinkatha kuwauza amayi ndinkawauza iwowo. Tisanayambe kusewera tinkagwirana manja, Amalawi, a ku Zambia ndi Azulu awiri a mumsewu mwathu, ndipo Anti ankapemphera mawu amodzimodzi: "Ambuye, awa ndi ana aakazi, ali m'dziko la eni. Apatseni mapazi olimba." Kunena zoona, abale anga, mpaka lero ndikamapempherera ana anga mawu amenewa amatuluka okha.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho kunabwera nkhani ya mpikisano wa matimu a atsikana ku Soweto. Anti anali ndi mnzawo, mphunzitsi wa pa sekondale ina kumeneko, amene ankatenga atsikana odziwa mpira popanda kufunsa zambiri zoti kwanu n'kuti. Anali atamuuza kale za ine, ndipo iye analonjeza kuti adzabwera kudzandionera yekha. Nkhaniyi inali yaikulu kwa ine, chifukwa amayi anali ndi maganizo ena. Mchemwali wa madamu awo ankafuna mtsikana wothandiza m'nyumba, ndipo amayi ankaona kuti ndikamaliza pulayimale ndikalowe kumeneko. Anti anabwera kwathu kudzawanyengerera. Amayi anamvetsera, akusisita mawondo awo, kenako anati, "Sukuluyo ikamutenga, apite. Ikapanda kumutenga, ntchito ilipo." Ndiye mutha kuona kuti Loweruka la ku Soweto silinali la mpira wokha ayi. Linali khomo, ndipo linali limodzi lomwelo.

Koma panali chinthu chimene atsikana tonse a Chimalawi tinkachiopa osachitchula. M'mbuyomo tinali ndi Esime, amene ankasewera pakati, wothamanga ngati mphepo. Sabata ina anangosowa. Atabweranso kutchalitchi anali atavala chitenje chofika m'mapazi, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo anakakhala kumbali kwa azimayi. Tinanong'onezana kuti wakula, amulangiza. Pabwalo sanapondeponso. Kenako tinamva kuti akulera ana a munthu wina ku Orange Farm, dera lina la kunja kwa Joni.

Zanga zinabwera sabata yomweyo ya mpikisano, Lachitatu, tili mkati mokonzekera. Kuyambira kusukulu m'mimba munkandipota, koma ndinkayesa kuti ndi magwinya, mandasi a kuno, amene ndinadya. Nditadumphira mpira wina, Misozi, mnzanga wa ku Zambia amene ankandipatsira mipira, anandikoka siketi n'kundinong'oneza kuti, "Iwe, pita kumbuyo ukadzione." Ndinathamangira kuchimbudzi cha kuseri kwa holo. Nditaona, ndinayamba kulira. Sindinalire chifukwa cha magazi, kusukulu anali atatiuzako. Ndinalira chifukwa ndinakumbukira Esime.

Anti anagogoda. Nditawatsegulira anangondiyang'ana kamodzi n'kudziwa. Anatulutsa chitenje m'chikwama chawo n'kundimanga, anapita okha ku sipaza, kagolosale ka mumsewu mwathu, kukagula mapadi, n'kundionetsa kavalidwe kake mosachita manyazi. Anandipukuta misozi ndi chala chachikulu.

"Ulira chiyani? Wakula, mwana wanga. Si matenda."

Ndinagwada pa simenti yonyowa ija n'kuwagwira miyendo. Ndinati, "Anti, chonde musawauze amayi. Mudikire tibwereko ku Soweto. Pambuyo pake muwauze, andilangize, andichite chilichonse. Koma Loweruka lokhali."

Anayang'ana kukhoma. Kenako anaika dzanja pachifuwa.

"Zili pakati pa iwe, ine ndi Mulungu. Dzuka, pansi apa pali uve."

Ndinapita kwathu mtima uli m'malo. Siketi ndinachapa mobisa n'kuiyanika pakati pa zovala za anthu ena a pabwalo pathu. Usiku ndisanagone ndinathokoza Mulungu chifukwa chondipatsa mayi wachiwiri.

Lachisanu ndinabwera kusukulu ndikuthamanga, ndikufuna ndisite yunifolomu ya timu. Nditakhota pakona ya nyumba yaikulu ndinaima. Pakhomo pa kachipinda kathu panali nsapato za azimayi zitandandalikidwa, masilipasi, nsapato zakuda za kutchalitchi, zina zopindika zidendene. Amayi sankabwera masana, ndiye poyamba ndinaganiza kuti kwagwa maliro kumudzi. Kenako ndinawaona. Kumapeto kwa mzerewo, atayikidwa bwinobwino, zingwe zitalowetsedwa mkati, panali mateki oyera a mizere yobiriwira.

Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Chitseko chinatseguka, amayi anatuluka atavala duku latsopano, nkhope ikuwala. Anali atapempha kwa madamu kuti aweruke msanga.

"Lowa, Elube. Alendo ako awa."

M'chipindamo munali fungo la thukuta, mafuta odzola ndi nkhuku imene inkawira pa kachitofu. Azimayi a mpingo anadzaza pabedi ndi pansi pomwe. Pampando wathu umodzi uja panakhala a Nasibeko, mlangizi wamkulu wa mpingo, mayi wonenepa wa magalasi amene ngakhale abusa ankawaopa. Anandivula yunifolomu ya sukulu, n'kundimanga chitenje m'chifuwa, n'kundikhazika pamkeka miyendo nditatambasula, mutu nditaweramitsa. Pambali panga, phewa lawo likukhudza langa, anakhazikapo Anti Giresi. Ndinkamva kutentha kwa thupi lawo, koma nkhope yawo sindinkaiona.

Atatha kupemphera, a Nasibeko anayamba ndi kundiyamikira.

"Amayi, mwanayu tiyeni timuombere m'manja. Wakulira kuno ku Joni, pakati pa ana osadziwa kugwada, koma mwambo wa kwathu waudziwa. Sanathamangire kwa amake ngati ana a masiku ano. Wapita kwa mayi wina amene amamukhulupirira, wamuuza, kuti mayiyo adzauze makolo. Phungu wake wadzisankhira yekha."

Anaomba m'manja, wina analuluta motsitsa kuti a nyumba yaikulu asamve. Pamenepo ndi pamene ndinamva koyamba kuti kwathu mtsikana akakula sauza mayi ake, amauza mayi wina, ndipo mayi ameneyo ndiye amanyamula uthenga n'kukhala phungu, womuyang'anira pa chilangizo. Ine ndinkayesa kuti ndikubisa, osadziwa kuti ndagogoda ndekha pakhomo la mwambo. Anti ankadziwa zimenezi pamene ankaika dzanja pachifuwa. Ankadziwa.

Malangizo anayamba kuyenda, mayi ndi mayi. Za ukhondo, za kusamala nsalu, za kusathira mchere m'ndiwo masiku amenewo, za anyamata ndi mabodza awo. Aliyense akamaliza ankaponya kandalama m'mbale ya chitsulo imene inali pamapazi panga. Zambiri zinali zabwino, sindinganame, zina zandisunga mpaka lero. Panali ngakhale kuseka. Mayi wina ananena mwamphamvu kuti kuyambira lero ndisamalowe kuchipinda kwa amayi anga, ndiye wina pabedi paja anati, "Chipinda chake chiti, asisi? Katani yemweyu?" Onse anafa nalo phwete, mpaka a Nasibeko kuvula magalasi n'kupukuta m'maso.

Atawavalanso, mawu awo anasintha.

"Tsopano pali nkhani ya mpira. Ife tinalola kuti ana azisewera kuseri kwa holo, poti ndi ana. Koma namwali sangamadumphe ndi kasiketi kolekeza apa, miyendo ili m'mwamba, madalaivala a matakisi atatsamira mpanda akuonerera. Kuno n'kwa eni, mwana akaonongeka tilibe kokadandaula. Mpira watha, Elube."

Azimayi anavomereza ndi kukhosi. Ine sindinaope kwambiri, mukhulupirire. Mumtima ndinkati, Anti alipo. Mwina anawauza amayi chifukwa mwambo unawakakamiza, koma pano alankhula. Awa ndi amene anakangana ndi akulu a mpingo mpaka kupeza bwalo, amene anathamangitsapo mwamuna woledzera amene ankatiimbira mluzu. Awauza za mphunzitsi wa ku Soweto, za sekondale, awauza kuti siketi tikhoza kuitalikitsa. Ndinadikira. Ndinkamva mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka. Nkhuku inkabwata pa chitofu. Sanalankhule.

A Nasibeko ndi amene anawaitana. "A phungu, mwana ndi wanu uyu. Mumamudziwa ndinu. Mutsirize ndinu, kuti amve bwino."

Anti anakonza kukhosi. Mawu aakulu aja, amene ankamveka mpaka kumsewu akamakuwa kuti "mapazi, mapazi," anatuluka ang'onoang'ono ngati a munthu wina.

"Elube, wamva zimene anena akuluakulu. Mpira ndi wa ana. Iwe tsopano si mwana."

Kandalama kawo kanalira m'mbale.

Namwali saloledwa kudzutsa mutu pa chilangizo, saloledwa kuyankha. Koma amene anandiphunzitsa kudzutsa mutu anali iwo omwewo. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana m'maso, pamaso pa azimayi onse aja.

"Anti, munalonjeza."

Wina anati, "Hayibo!" Amayi anagwira pakamwa ndi manyazi. A Nasibeko anati, "Mwaona? Ndi zimenezi za mpirazi, mwana kuyang'ana wamkulu m'maso ngati tambala." Dzanja linagwira mutu wanga kumbuyo n'kuukankhira pansi. Silinali dzanja la a Nasibeko. Ndinalidziwa, linali lokhakhala chifukwa cha nsimbi, lomwe lija linkandiluka tsitsi.

Nkhuku ija sindinaidye. Azimayi atapita, amayi sanandikalipire monga ndinkayembekezera. Anakhala pabedi n'kunena motopa kuti, "Ine ndikanatani, mwanawe? Ndikanakana pamaso pa mpingo wonse? Ndikadzadwala adzandinyamula ndani kuno?" Amayi sindinawasungire mkwiyo. Iwo sanandilonjeze kanthu.

M'mawa mwake amayi anapita kuntchito, poti Loweruka madamu ankakhala ndi alendo. Ine ndinavala yunifolomu ya timu mkati, chitenje pamwamba, n'kuthamangira pakona pamene tinagwirizana kukumana. Ndinkaganizabe kuti mwina dzulo Anti anangochita zoti azimayi aone, lero andilowetsa mu takisi mwakachetechete, ndikasewera, mphunzitsi uja akandiona, ndiye zinazo tidzakambirana pambuyo. Mwana amachedwa kukhulupirira kuti wataidwa.

Takisi inali itaima, atsikana ali mkati akuimba. Misozi atandiona anakuwa, "Shuta wafika!" n'kuyamba kundisunthira malo. Anti anali pakhomo la takisi, thumba la mipira lili paphewa. Atandiona anatsika n'kudzaima pakati pa ine ndi chitseko.

"Bwerera, Elube."

"Anti, ndingokasewera kamodzi kokha. Palibe adziwe."

"Bertrams yonse idziwa tisanafike n'komwe m'tauni. Usandiike m'mavuto. Vula yunifolomuyo umupatse Misozi, akaponya ndi iyeyo lero."

Ndinavulira pomwepo, kuseri kwa chitenje, pamsewu, dalaivala akuimba hutala. Yunifolomu inali yotentha ndi thupi langa pamene ndinkaipereka pawindo. Misozi anailandira akulira. Nyimbo inali itatha mu takisi muja. Ndinaima pakona mpaka inakhota, kenako ndinabwerera kwathu pang'onopang'ono, chitenje chikundikola m'miyendo, ndipo ndinazindikira kuti ndikuyenda ngati Esime.

Mphunzitsi uja anabweradi ku mpikisano. Anatenga Misozi. Sindimuchitira nsanje, anali mnzanga, ndipo anaphunzira mpaka lero ndi namwino. Ine chaka chitatha ndinalowa m'khitchini mwa mchemwali wa madamu. Utali wanga unagwira ntchito yopukuta mawindo ndi kutsitsa makatani popanda makwerero. Kutchalitchi ndinkakhala kumbali kwa azimayi. Anti akabwera kudzandipatsa moni ndinkagwada, kuwayankha mwaulemu wonse, maso ali pansi. Ndikuganiza kuti ulemu umenewo unkawapweteka kuposa chipongwe, ndipo Ambuye andikhululukire, nthawi imeneyo ndinkafuna uwapweteke.

Tinadzalankhulana patapita zaka, ine nditakwatiwa, ndili ndi mwana woyamba kumsana, tikukhala ku Orange Farm. Anti anali atayamba kudwala miyendo ndipo ankabwerera kumudzi. Mpingo unawakonzera mwambo wotsanzikana, ndiye ndinapita. Anthu akudya, anandikokera kuseri kwa holo, pabwalo paja. Maringi anali atachita dzimbiri, koma timu inalipobe, ya tiana tating'ono.

Anayamba okha. Anati azimayi anali atawachenjeza kale, nkhani ya Esime itangochitika, kuti akadzamva zoti akubisa anamwali m'timu, bwalo lidzatsekedwa. "Ndikanakubisa, zikanadziwika. Ndinaona kuti ndikataya mmodzi, enawo asewerabe."

Ndinati, "Zowauza amayi ndinazimvetsa kalekale, Anti. Ndi mwambo. Koma munandilonjezeranji? Nanga m'chipinda muja, osanenako ngakhale liwu limodzi?"

Anayang'ana mwana amene anali kumsana kwanga, n'kumugwira kaphazi.

"Pamene unandigwira miyendo ndinalibe mtima wokukaniza, ndiye ndinanama. M'chipinda muja ndinaopa. Iwe sukudziwa mmene ankandinenera azimayi aja. Ankati wosabereka adziwa chiyani za kulera, n'chifukwa chake akuseweretsa ana a eni. Ndikanatsegula pakamwa, akanandiuza zimenezo pamaso pako."

Ndinawamvera chisoni, inde. Ndinawauza kuti ndawakhululukira, tinapemphera titagwirana manja. Koma ndikhala wabodza ndikanena kuti zinathera pomwepo. Pakamwa panakhululuka tsiku lomwelo, mtima unatsatira mochedwa, ndipo masiku ena umabwererabe m'mbuyo. Ndikamaona atsikana a sekondale atanyamula zikwama zawo pa siteshoni, ndimakumbukira sukulu imene ndinaiphonya. Mmodzi amene anatayidwa kuti ena asewere anali ndi dzina, anali ine. Anti Giresi anamwalira kumudzi. Ndimawathokoza chifukwa cha msana wanga wowongoka, ndipo ndimawadandaulabe. Zonse ziwiri ndazinyamula, ndipo ndaleka kumufunsa Mulungu kuti andichotsere chimodzi.

Chimene ndikuchidziwa tsopano n'chakuti kuphunzitsa mtsikana kulimba mtima pabwalo n'kosavuta. Pabwalo pali wenzulo, pali mizere, aliyense akukuombera m'manja. Malo ovuta ndi m'kachipinda kodzaza azimayi anzako, amene udzawafune pa matenda ndi pa maliro, mwana ataweramitsa mutu pambali pako osaloledwa kudziyankhira. Ngati sudzatha kulankhula m'menemo, usamuuze mwana kuti ali ndi iwe.

Lero ndine mmodzi wa alangizi mumpingo wathu ku Orange Farm, ngakhale sukulu yanga ndi ya pulayimale. Atsikana amabwera kwa ine n'kuyamba ndi mawu omwe aja akuti musawauze amayi. Ndimawadula asanamalize. Ndimati, "Amako ndikawauza, sindikunamiza. Koma tikapita limodzi, ndipo pa chilangizo ndidzakhala pambali pako ndi pakamwa panga."

Chaka chatha ndinakhala phungu wa kamtsikana kena kotchedwa Tiyamike, kogwira pagolo m'timu ya mpira wamiyendo ya kusukulu kwawo. Malangizo anayenda bwino mpaka mayi wina wachikulire anafika pa nkhani ya makabudula ndi kudzigwetsa pansi pamaso pa amuna. Azimayi anayamba kuvomereza ndi kukhosi. Ndinamva phewa la mwana uja likuuma pa langa. Inu, pamenepo ndinadziwa kulemera kwa chimene chinawatseka Anti pakamwa. Ena mwa azimayi aja ndi amene anandigonera pa maliro a amayi anga. Ndinapemphera kamodzi mumtima, kenako ndinati, "Pepani amayi, zonse mwanenazi mwana wamva, ndipo azisunga. Koma za mpira ayi. Loweruka ali ndi masewero, ndipo womuperekeza ndine."

Mayi wachikulire uja sanandipatse moni mpaka Khirisimasi. Tiyamike anasewera.